Kodi mwana wanu waukhudza kangati mpira lero?

Nthawi zonse timu ya Flames ikagonja, mawu omwe amamveka pa wailesi ndi amodzimodzi: tiyambire kwa ana. Oimba foni amatero, olemba nkhani zamasewero amatero, akuluakulu oyendetsa mpira nawo amavomereza. Sindikutsutsa. Koma mukamvetsera bwino, ana akutchulidwawo akuonedwa ngati nazale ya fodya, yomwe ntchito yake ndi kutulutsa mbande zokaoka kumunda wa Flames basi. Za mbande zotsala panazale palibe amafunsa. Chonsecho mwa ana zikwizikwi omwe akuthamangitsa mpira madzulo ano kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, odzavala yunifolomu ya dziko lino ndi ochepa zedi. Enawo adzakhala alimi, anamwino, aphunzitsi, amalonda, oyendetsa kabaza. Nkhani yanga ili pa iwowa. Akamati akupita kokaphunzira mpira, amakapezako chiyani, ndipo ola limenelo amaliona bwanji eni akewo?

Ndine mphunzitsi pasukulu ina ya sekondale yoyendera ya kumudzi, ndipo ana amafika m'manja mwathu ku Fomu 1 atadutsa kale m'matimu a ana a m'midzi ndi a kupulayimale. Ena amabwera akuukonda mpira kuposa nsima. Ena, omwe anzawo amachitira umboni kuti ankavuta ali Sitandade 4, amakhala atausiya ndipo safuna n'komwe kuyandikira bwalo. M'kuona kwanga, chosiyanitsa magulu awiriwa si luso lobadwa nalo. Ndi zomwe wamkulu wogwira wenzulo anachita nawo.

Tiyambe taona mmene ana amasewerera pakakhala palibe wamkulu. Mpira ndi wachikulunga, wa majumbo omangidwa ndi luzi kapena timizere ta chubu. Magolo ndi miyala iwiri, njerwa kapena masilipasi. Amagawana anayi kwa anayi, asanu kwa asanu, ndipo mbali ina ikachinyidwa mopyola amasinthana osewera okha kuti masewero akome, pakuti 10 kwa 0 satsekemera ngakhale kwa wopambanayo. Woyimbira palibe, koma mlandu woti wina wagwira ndi dzanja amaukamba n'kuutha m'kamphindi. Wokhala pabenchi palibe. Kamwana kakang'ono kamayambira pagolo, inde, koma kamadandaula mpaka anzake kukalowetsa mkati. Masewero amatha dzuwa likalowa, kapena mwini mpira akaitanidwa kwawo. M'maola awiri amenewa mwana aliyense wakhudza mpira kosawerengeka. Wadyetsa njomba, walandidwa, wayesanso, wachinya, wachinyitsa.

Tsono pabwere wamkulu wa mtima wabwino, wagula mpira wachikopa ndi wenzulo ndi ndalama za m'thumba mwake, wati bwerani ndikuphunzitseni mpira weniweni. Choyamba ana azungulire bwalo kasanu. Akatero aime pamzere onse makumi atatu, aliyense adikire nthawi yake yomenya mpira umodziwo kugolo, ndipo womenyera kunja akautole yekha kutchire anzake ali chiimire. Kenako a kochi asankha ana 22, otsalawo akhale pansi pa mtengo aonerere, masewero n'kuyamba pabwalo lonse la akuluakulu.

Tawerengani nokha. Ngakhale anawo atasewera mphindi 60 mpira osatuluka kunja, n'kumagawana mofanana, aliyense mwa 22 aja angakhale nawo mphindi zosakwana zitatu. Koma mpira umatuluka, umakhala m'malere, ndipo sagawana mofanana. Bwalo la akuluakulu malamulo amati lisachepere mamita 90 m'litali. Golo lake ndi mamita 7.32 kutambalala ndi 2.44 kupita m'mwamba, moti mwana wa zaka khumi ataima pakati pake amaoneka ngati mwanapiye pakhomo la tchalitchi. Mpira wa nambala 5, umene umapezeka m'masitolo ambiri, umalemera pakati pa magalamu 410 ndi 450, ndipo ukapopedwa mwamphamvu phazi lopanda nsapato limauopa. Pabwalo lotere, ndi mpira wotere, wooneka katswiri ndi mnyamata wamkulu thupi amene angaubutse patali n'kuuthamangira. Iyeyo ndi amene a kochi amamutchula dzina. Wamng'ono uja, yemwe pa chikulunga ankavina ndi mpira kuphazi, amaphunzira kuima pambali n'kumayang'ana mpira ukudutsa pamwamba pake.

Amene akukayika achite izi. Pitani kubwalo tsiku lomwe ana akuphunzira, musankhe mwana mmodzi wocheperapo msinkhu, osati katswiri wa timuyo. Nthawi iliyonse akakhudza mpira, ikani kamwala m'thumba. Pomaliza muwerenge timiyalato. Mawa lake mukamutsate mwana yemweyo akusewera chikulunga kuseri kwa msika, muchitenso chimodzimodzi. Muona kuti thumba lidzadza masewero asanafike pakati.

Maiko omwe mpira wawo timauchezera usiku pa kanema anazindikira izi kale. Ku England ana a zaka khumi amasewera asanu ndi awiri mbali iliyonse, pabwalo laling'ono la magolo aang'ono, ndipo 11 kwa 11 amadikira mpaka atakulirapo. Mipira nayo ili ndi misinkhu: nambala 3 ya ana aang'ono kwambiri, nambala 4 ya apakati, nambala 5 ya amene afika zaka za kusekondale. Ku Brazil akatswiri ngati Ronaldinho ndi Neymar anakulira pa futsal, mpira wa anthu asanu mbali iliyonse, wosewera pamalo opanikizika ndi mpira wosadumphadumpha. Ndikamawerenga zimenezi ndimaseka ndekha, chifukwa mpira wosadumphadumpha, malo opanikizika ndi anthu asanu ndi chikulunga chathu chomwe chija. Anzathu akulipira ndalama kuti apange chimene ana athu ali nacho kale, ife n'kumawachotsako m'dzina la kuwaphunzitsa.

Kukonza zimenezi sikulira thandizo lochokera kunja. Bwalo limodzi la sukulu lingadulidwe panayi ndi phulusa. Magolo akhale timitengo kapena mabotolo odzaza mchenga. Mpira wachikopa ngati ulipo umodzi uzizungulira m'magulu, kwinako kukhale zikulunga zomwe anawo apanga okha. Ana makumi anayi angasewere onse nthawi imodzi, asanu kwa asanu, n'kumasinthana adani pakatha mphindi khumi. Ntchito ya a kochi ikhale kuyendera magulu, kuimitsa pang'ono, kuonetsa chinthu chimodzi, monga kulandira mpira ndi mkati mwa phazi kapena kukweza mutu usanapatsire, n'kuwasiya ayese. Kuthamanga kozungulira bwalo kuja sikufunikanso, chifukwa m'masewero ang'onoang'ono mwana amathamanga kwambiri osazindikira n'komwe.

Ena anena kuti mwana wa kumudzi safunika masewero olimbitsa thupi, poti amayenda mtunda wautali kupita kusukulu, amalima, amatunga madzi, amasenza nkhuni. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azikhala ndi mphindi zosachepera 60 patsiku akuchita zinthu zothamangitsa magazi, ndipo n'zoona kuti ambiri a kuno kwathu muyeso umenewu amaukwanitsa ndi ntchito zokha. Koma khasu limaphunzitsa thupi chinthu chimodzi chobwerezabwereza, msana uli chiweramire. Mpira umafuna kuti mwana athamange, aime mwadzidzidzi, atembenuke, adumphe, aime ndi mwendo umodzi, agwiritse ntchito phazi lamanzere lomwe analiiwala, maso ali kwina miyendo ikuchita zina. Kudumpha ndi kuthamanga kotere kumalimbitsa mafupa pa msinkhu womwe akukula. Komanso ntchito ya kumunda mwana amatumidwa, pomwe kubwalo amadzithamangira yekha, ndipo chinthu chimene munthu wachikonda ali mwana amapitiriza nacho atakula.

Pamenepa pakufunika nzeru za kochi wodziwa mudzi wake. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, pali ana ofika kubwalo atangomwa phala la kusukulu m'mawa basi. Mwana wotere akamatsalira m'mbuyo si ulesi. Mu Okutobala dzuwa la 2 koloko si loyambira masewero. Ndipo chizolowezi chomana ana madzi akumwa ati kuti alimbe n'choopsa chabe; thupi lotaya madzi sililimba, limafooka, mwana n'kuyamba chizungulire. Chidebe cha madzi a pamjigo chikhale pambali pa bwalo, ndipo aliyense amwe akafuna.

Komabe phindu limene ine monga mphunzitsi ndimaliona kwambiri silili m'minofu. M'kalasi la ana ochuluka, mwana wosachedwa kumva ndi amene amadziwika dzina. Wina amatha teremu yonse osatchulidwa, kupatula poitana maina m'mawa. Wina anabwereza kalasi kawiri kupulayimale ndipo anamva kokwanira kuti mutu wake ndi wouma. Mwana yemweyo mukamuone kubwalo akutseka kumbuyo: akuloza anzake poima, akukuwa kuti "iwe, tseka uyo!", akuwerenga kumene mpira ukupita usanamenyedwe. Ameneyo akuganiza, ndipo akuganiza mwachangu kuposa mmene timafunira pa masamu. Masewero akatha wina amamuuza kuti, "Mawa usajombe, kumbuyo kulibe wina." Kwa ana ena mawu amenewa ndi oyamba kumva m'moyo mwawo osonyeza kuti pali malo pomwe akasowa anthu adandaula. Ndaona ana otere akuyamba kukweza dzanja m'kalasi, osati chifukwa mpira wawaphunzitsa Biology, koma chifukwa asiya kudziona ngati munthu wongodzazitsa benchi.

Kubwalo mwana amaphunziranso kugonja pamaso pa anthu n'kudzukanso mawa lake. Amaphunzira kuti mnzake amene sagwirizana naye kunyumba ayenera kumupatsirabe mpira ngati ali pabwino. Amaphunzira kufika pa nthawi, kusunga yunifolomu ya gulu, kumvera woyimbira ngakhale walakwitsa. Zimenezi timazilemba pabolodi m'phunziro la Life Skills, ana n'kuloweza kuti akhoze mayeso, koma kubwalo amazichita ndi thupi lawo sabata iliyonse.

Ndisanamizire kuti mpira pawokha ndi mankhwala. Timakonda kunena kuti masewero amateteza ana ku chamba, mowa ndi juga, ndipo n'zoona kuti maola a pakati pa kuweruka ndi kulowa kwa dzuwa ndi amene ana ambiri amasochererapo, m'nyumba zoonetsera mavidiyo ndi pa juga ya mpira ya pafoni yomwe yafika mpaka m'misika ya kumudzi. Koma timu yopanda wamkulu wodalirika ingakhale sukulu ya zomwezo. Mwana wa zaka 13 akaponyedwa m'timu ya akuluakulu chifukwa ali ndi liwiro, amakwera nawo lole kupita kumasewero, amamva nkhani zawo, amatumidwa kukagula kachasu wokondwerera chipambano. Choteteza mwana ndi munthu amene akuyang'anira mpirawo.

Palinso nkhani ya zitsamba, imene aliyense wotsata mpira wa m'dziko muno amaidziwa ngakhale sitikonda kuilemba. Ana amatumidwa kukakwirira zinthu pagolo usiku, amauzidwa kuti asalowere pachipata, asapereke moni kwa adani. Za mphamvu ya zinthuzo aliyense ali ndi chikhulupiriro chake. Chondidetsa nkhawa monga mphunzitsi n'chakuti mwana wouzidwa kuti tagonja chifukwa anzathu anakhwima safunsanso kuti kodi tinalakwitsa pati. Chigoli chinalowa chifukwa otseka kumbuyo onse anathamangira mpira umodzi n'kusiya munthu yekha, koma phunziro limenelo latayika, ndipo sabata yamawa chidzalowanso chimodzimodzi.

Kukalipa nako kumaba phunziro mwa njira yomweyo. Taimani pambali pa bwalo tsiku la masewero a ana mumve zotuluka m'kamwa mwa akuluakulu: "Chotsa! Menya kutsogolo! Iwe ndiwe chitsiru eti?" Mwana wa zaka 11 amene watukwanidwa pagulu chifukwa anayesa njomba n'kulandidwa sadzayesanso. Mpira ukamubwerera amaubutsa msanga kuti mlandu ukagwere wina. Kenako tidzadabwa, iye ali ndi zaka 22, kuti bwanji osewera athu satha kuugwira mpira pansi. Kochi wabwino amene ndinamuonapo, bambo wina wosoka nsapato pamsika, sankakuwa. Mwana akalakwitsa ankamuitana pambali n'kumufunsa kuti, "Unaona ndani kumanzere kwako?" Mwanayo akati sanaone aliyense, iye ankangoti, "Ulendo uno uyang'ane." Ana ake sankapambana masewero onse, koma ankabwera onse tsiku lililonse, mvula kaya dzuwa, ndipo ena anali atsikana.

Za atsikana ndiye tili ndi umboni woti sitingautsutse. Tabitha Chawinga anayamba mpira akusewera ndi anyamata kwawo ku Rumphi, asanapite ku DD Sunshine ku Lilongwe kenako ku Sweden m'chaka cha 2014. M'chaka cha mpira cha 2022/23 anamwetsa zigoli 23 ku Inter Milan, kuposa wina aliyense mu ligi ya amayi ya ku Italy, ndipo mu 2024 anapita ku Lyon, imodzi mwa matimu akuluakulu a amayi padziko lonse. Mng'ono wake Temwa, akusewerera Kansas City Current mu 2024, anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America, chiwerengero chomwe panalibe anachifikapo, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse chaka chimenecho. Mu 2023 timu ya Scorchers inatenga chikho cha COSAFA itagonjetsa Zambia 2 kwa 1. Koma m'sukulu zambiri za kumudzi mtsikana akafika kubwalo amalozeredwabe ku mpira wamanja, ngati kuti miyendo yake inalengedwera kuyenda kokha. Mpira wamanja ndi wabwino ndipo watitchukitsa, koma mwana asankhe yekha.

Chotchinga atsikana kwambiri si lamulo la sukulu. Ndi nthawi. Ola lomwe mnyamata akuthamangira kubwalo ndi lomwe mlongo wake akupita kumjigo, kuchigayo kapena akuyatsa moto. Akatha msinkhu pamabwera zina: kusowa chovala choyenera kuthamanga nacho, kusowa pobisala posintha, masiku a kumwezi opanda zodzitetezera, ndi pakamwa pa anthu onena kuti mtsikana wosewera mpira sadzakwatiwa. Ana asanafike zaka 12, anyamata ndi atsikana angathe kusewera limodzi popanda vuto, mphamvu zawo sizisiyana kwenikweni. Kupyola apo atsikana akhale ndi tsiku lawo ndi bwalo lawo, ndipo pakhale mayi wamkulu, kaya mphunzitsi kaya wa m'gulu la amayi oyang'anira atsikana pasukulu. Izi n'zofunika pa chifukwa china chimene sitiyenera kuchita nacho manyazi: si wamkulu aliyense wodzipereka kuphunzitsa ana amene ali ndi cholinga chabwino. Komiti ya sukulu ndi amfumu adziwe amene akuphunzitsa ana awo, ndipo pasakhale ulendo wogona konko wopanda kholo kapena mphunzitsi.

Chimene chimaononga mpira wa ana mwachangu kuposa zonse ndi chikho cha ndalama. Chisankho chikayandikira, mabonanza amabuka ngati bowa. Ofuna mipando amabwera ndi mayunifolomu ndi envulopu, ndipo kwa mwezi umodzi dera lonse limatekeseka. Pakakhala gawo la ana osapitirira zaka 14, kochi aliyense amadziwa kuti akabweretsa ana enieni a zaka 14 achinyidwa ndi anyamata ometa ndevu a timu inayo, choncho naye amakasaka ake. Mwana amene wakhala akubwera kudzaphunzira chaka chonse amakhala pansi, malo ake atatengedwa ndi mlendo wa zaka 18 yemwe lero dzina lake ndi la mng'ono wake. Taganizani zimene mwana wokhala pansiyo waphunzira tsiku limenelo kuchokera kwa akuluakulu omwe amawalemekeza. Vutoli si lathu lokha; bungwe la FIFA linayamba kuunika mafupa a pamkono ndi makina a MRI pa mpikisano wa dziko lonse wa osapitirira zaka 17 womwe unachitikira ku Nigeria mu 2009. Kumudzi makina otere sitikuwafuna. Kaundula wa sukulu alipo, kabuku ka kusikelo kalipo, ndipo anthu a m'mudzi amadziwa bwino lomwe kuti mwana wa uje anabadwa chaka chiti. Chosowa ndi munthu wolimba mtima kunena.

Ndikadakhala ndi mwayi wolankhula ndi opereka zikhowa, ndikadawapempha kuti ndalama ya envulopu imodzi agulire mipira khumi ya nambala 4 ndi pampu, aigawe m'sukulu za pulayimale, ndipo ina alipirire mphunzitsi mmodzi kapena mnyamata wodzipereka wa m'mudzi kuti akachite maphunziro oyambira a ukochi omwe bungwe la FAM limachititsa. Chikho chimatha Lamulungu limodzi, pomwe munthu wophunzitsidwa amakhala m'deralo zaka. Masukulu a mpira monga Ascent Soccer ku Lilongwe, omwe amatenga anyamata ndi atsikana n'kumawaphunzitsa mpira pamodzi ndi za m'kalasi, akuchita ntchito yotamandika, koma angatenge ana angati? Ana ambiri a dziko lino malo okhawo omwe angakumane ndi mpira wolongosoka ndi bwalo la sukulu ya pulayimale ya kwawo. Tsoka ilo, kupulayimale masewero olimbitsa thupi anaphatikizidwa m'phunziro la Expressive Arts, ndipo nthawi yake kawirikawiri imadyedwa ndi maphunziro ena mayeso akayandikira. Bungwe la zamasewero m'sukulu la MASSA limayendetsa mipikisano, koma mpikisano umafuna ana 11 okha a sukulu yonse.

Munthu wophunzitsidwa amadziwanso kuteteza thupi la mwana. Ku America, kuyambira mu 2015, ana a zaka 10 kutsika pansi saloledwa kumenya mpira ndi mutu, ndipo ku England mu 2020 analangiza kuti ana a msinkhu wa kupulayimale asamaphunzitsidwe zimenezi, poopa kuvulaza ubongo womwe ukukula. Ife timaimika ana pamzere n'kumawaponyera mpira wolemera wa akuluakulu pamphumi, wolira n'kumusekanso. Ana awiri akagundana mitu, wina n'kudzuka akuzandima kapena osakumbuka bwino zomwe zachitika, si nkhani yomuthira madzi n'kumubwezera m'bwalo. Atuluke, asasewerenso tsiku limenelo, ndipo akayamba kusanza kapena kugona tulo tosadziwika bwino athamangire naye kuchipatala. Mnyamata wa zaka 12 kapena 14 wodandaula ululu pansi pa bondo nthawi zambiri sakunama; ndi msinkhu womwe mafupa amakula mofulumira, ndipo chofunika ndi kupuma. FIFA ili ndi ndondomeko yotenthetsera thupi ya ana a zaka 7 mpaka 13 yotchedwa 11+ Kids, yophunzitsa kudumpha, kutera ndi kugwa mosadzivulaza, ndipo silira zipangizo zapadera. Zina n'zapafupi kwambiri: kuzula zitsa ndi kutola magalasi pabwalo popeza ana ambiri alibe nsapato, kugwedeza mitengo ya magolo kuona ngati chiswe sichinadye pansi, ndi kubalalitsa ana kukayamba ziphaliwali, osati kuwasonkhanitsa pansi pa mtengo.

Nanga maloto? Mwana aliyense amene anaona chigoli chomwe Gabadinho Mhango anachinya Morocco ali kutali mu Januwale 2022, Flames itafika koyamba m'ndime ya matimu 16 pa chikho cha Africa ku Cameroon, anapita kukachiyeserera mawa lake. Masewerowo tinagonja 2 kwa 1, koma ana sakumbuka zimenezo. Malotowo tisawaphe, ndi amene amadzutsa mwana. Koma makolo adziwe zinthu ziwiri. Choyamba, malamulo a FIFA saloleza kuti mwana wosakwana zaka 18 asamutsidwire ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa, monga makolo ake akasamukira komweko pa nkhani zosakhudza mpira. Tsono munthu wobwera ndi nkhani yoti perekani ndalama mwana wanu wa zaka 15 akayesedwe kunja, mufunseni mafunso ambiri musanagulitse mbuzi. Chachiwiri, wosewera akagulidwa kuchoka dziko lina kupita lina, 5 peresenti ya ndalamazo imayenera kugawidwa kwa matimu omwe anamuphunzitsa kuyambira zaka 12 mpaka 23. Timu ya kumudzi yosalembetsa kulikonse, yopanda ngakhale kope la maina a ana ake, singalandire kanthu ngakhale italera katswiri. Kope la masamba 40 ndi kulembetsa ku komiti ya mpira ya m'boma ndi poyambira.

Pali lamulo lomwe matimu ena a ana amatsata, loti wojomba kusukulu asaphunzire nawo mpira tsiku limenelo. Ndimagwirizana nalo, bola kochi ndi aphunzitsi azilankhulana, ndipo ndaona likubweza m'kalasi anyamata omwe chikwapu chinawalephera. Chimene sindigwirizana nacho ndi kuchotsa mwana m'timu chifukwa walakwa mayeso. Kujomba ndi chinthu chimene mwana angasinthe mawa lomwe. Kulakwa masamu kuli ndi zifukwa zambiri, zina zoti iye sangazithe, ndipo kumulanda malo amodzi okhawo omwe amachita bwino sikumuonjezera malikisi. Kawirikawiri amangosiya zonse ziwiri.

Chotsalira ndi bwalo lenilenilo. M'midzi yambiri bwalo ndi limodzi, la sukulu, ndipo ikangokwana 4 koloko timu ya akuluakulu imafika n'kuthamangitsa ana. Anawo amasamukira kuseri kwa golo, pomwe pali zitsa ndi miyala, n'kusanduka otola mpira wa akuluakulu ukapita kutchire. Kwina bwalolo likuchepa chaka ndi chaka, mizere ya chimanga ikulowa cha kukona, kapena pamangidwa kalasi yatsopano pakati penipeni chifukwa ndi pamene panali posalala. Amfumu, akomiti ya sukulu ndi aphunzitsi aakulu angathe kukhala pansi teremu ikubwerayi n'kugamula kuti Lachiwiri ndi Lachinayi, kuyambira 3 koloko mpaka 5 koloko, bwalo ndi la ana osapitirira zaka 13, anyamata ndi atsikana, ndipo malire ake adzalidwe mitengo kuti khasu lisalowenso. Akuluakulu a timu ya m'mudzi, m'malo modikira pambali mokwiya, agawane magulu anayi aja, aliyense ayang'anire limodzi.